Sabata Imene Mawaya Anadwala

A Lumo anali atameta theka la mutu wa mphunzitsi wina pamene mlongo wawo analowa m'shopu, atavala yunifolomu ya kuntchito kwake kokolopa m'maofesi. Anaima pakhomo n'kuyang'ana babu limene linkayaka kudenga.

"Kani mwatsegula, achimwene? Alamu anu anandiuza kuti mwatseka sabata yonse, ati mukukonzetsa mawaya a magetsi."

"Eya, amisiri agwira ntchito msanga," anayankha a Lumo, maso ali pamutu wa mphunzitsi. "Tatsegula lero lomwe."

Limenelo linali bodza lachiwiri, mwana wa loyamba. Mawaya analibe vuto lililonse, ndipo shopu sinatsekedwepo ngakhale tsiku limodzi. A Lumo ankangofuna kuti alamu awo awapatseko mpata wopuma.

Alamu awowo, amene anthu ankawatcha a Giya, anayendetsa basi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osakanda ndi penti yomwe. Miyezi itatu m'mbuyomo, mayi wina anatulukira kuseri kwa lole yoima n'kulowa mumsewu, basi inamugunda ndipo anafera pomwepo. Apolisi anati dalaivala analibe mlandu, koma manja a a Giya sanamve nawo zimenezo. Akangogwira chiwongolero ankanjenjemera ngati munthu wa malungo. Namwino wa kuchipatala anawalembera zochita papepala: azidzuka nthawi imodzimodzi, azisamba, aziyenda wapansi kwa theka la ola, azikhala pa anthu. Mtima ukayamba kuthamanga azikoka mpweya pang'onopang'ono, akuwerenga mpaka kanayi. Pansi penipeni analemba kuti asamasunge zinthu mumtima.

A Giya anali munthu womvera malamulo, a pamsewu ndi a papepala omwe. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi mpaka kushopu ya alamu awo, n'kusesa tsitsi, kupukuta galasi, kenako n'kukhala pabenchi. Chinavuta ndi langizo lomaliza lija. Aliyense wokhala nawo pabenchipo ankauzidwa nkhani yonse: lole, ambulera yachikasu ya mayiyo, nsapato imodzi imene inatsala pakati pa msewu. A Lumo anaimva kambirimbiri moti akanatha kuifotokoza ali m'tulo. Loweruka lapitalo kasitomala wina ananyamuka asanametedwe, amvekere, "Ndabwera kudzameta ine, osati kumaliro," ndipo mnzake anamutsatira. Madzulo a tsiku limenelo ndi pamene mawaya anadwala.

"Ndiye ali bwanji alamuwo?" anafunsa a Lumo.

Mlongo wawo anadzigwetsa pabenchi. "Zabwerera m'mbuyo, achimwene. Lolemba anatuluka bwinobwino, anayenda n'kubwerako. Lachiwiri anatulukanso, koma ola lisanathe anali atafika kale. Analowa kuchipinda, katani n'kutseka, mpaka lero Lachisanu. Kusamba ayi. Chakudya ndikusiya pakhomo, ndikuchipeza momwemo. Ana akuyenda monyang'ama m'nyumba mwawo momwe."

"Nanga kuchipatala?"

"Tsiku lawo ndi Lachitatu, koma akuti sapita. Ndiye ndinati ndidzere kuno, mwina mwatsegula. Ine nkhani ija ndinatopa nayo, Mulungu andikhululukire, ikangoyamba mutu umandiwawa. Ndinu nokha amene mumawamvetsera osatopa. Tsiku lina anandiuza kuti mchimwene wako uja ndiye munthu, ena tonsefe tikungoperekeza."

A Lumo anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Zikanakhala bwino mlongo wawo akanawatukwana. A Lumo anangoti adutsa kunyumbako masana, ndipo mlongoyo anathokoza kawiri konse n'kuthamangira kuntchito.

Mphunzitsi uja anali akuwayang'ana pagalasi.

"Magetsi anu ndi odabwitsa, a Lumo. Lachiwiri ndinabwera ndi mwana wanga pano, makina akulira ngati njuchi."

"Weramani, aphunzitsi, ndikonze kunkhongoku."

"Kuwerama ndiwerama. Komatu akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Inuyo ndevu ndiye ntchito yanu."

"Mukanakhala inu, makasitomala akuthawa, mukanatani?"

"Ndikanamukokera pambali n'kumuuza kuti nkhaniyi tizikamba awiri, osati pagulu. Munthu wovutika maganizo si mwana woti uzimunamiza kuti maswiti atha."

A Lumo anamaliza mutuwo, anameta ina iwiri imene inkadikira, ndipo nthawi ya masana itakwana anakhoma chitseko. Njira yonse ankakonza mawu, koma aliwonse amene ankawapeza ankamveka ngati bodza lachitatu.

Kuchipinda kwa a Giya kunali mdima dzuwa likuswa mtengo panja. Munkamveka fungo la zofunda zosayanika. Pakhomo panali mbale yovundikira, sipuni ili pamwamba osakhudzidwa. Mwini chipinda anagona choyang'ana kukhoma, atavala malaya a ntchito ya basi. Pepala la namwino linali lomata pachitseko cha kabati, ndipo m'mbali mwake a Giya ankachonga ndi cholembera tsiku lililonse limene akwanitsa. Mzere wa zochongazo unathera pa Lolemba.

"Odi, alamu. Mwasanduka mleme kodi, masana ano?"

Nthabwalayo inagwa pansi popanda woitola.

"Ndimati ndikuuzeni kuti shopu tatsegula."

"Ndikudziwa," anatero a Giya osatembenuka. "Lachiwiri ndinati ndidutseko, mwina amisiri akusowa wowagwirira makwerero. Ndinaima tsidya lina la msewu. Munkameta, anthu ali tho pabenchi, inu mukuseka mpaka kugwira m'mimba. Chichitikireni ngozi ija ndinali ndisanakuoneni mukuseka choncho."

A Lumo anakhala pansi, msana atatsamira kabati.

"Ndinanama, alamu. Mawaya analibe kanthu. Nkhani ija inanditopetsa, anthu anayamba kuthawa, ndipo ndinalibe mtima wokuuzani pamaso. Ndinasankha njira ya munthu wamantha. Ndalakwa."

"Mlongo wanu sindinamuuze. Amakukhulupirirani kwambiri."

Mawu amenewa anawapweteka a Lumo kuposa ena onse. Munthu amene anamuthamangitsa ndi amene ankawasungira ulemu.

"Ndimuuza ndekha," anatero.

A Giya anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Ndevu zinali zitamera, maso atalowa.

"Mukuganiza kuti ine sindinatope nayo? Inu munkaimva katatu, kanayi patsiku, kenako n'kupita kwanu. Ine ndimaiona ndikangotseka maso. Ndikauza munthu imapepukako pang'ono, ngati basi ikatsitsa katundu pasiteji. Sindinkadziwa kuti katunduyo ndikungokusenzetsani inu."

"Bwererani, alamu. Tikambirana kuti tizichita bwanji. Anthu akachepa, tizikhala awiri."

"Kushopu sindidzapondako. Ndizikhala pabenchi n'kumawerenga nkhope yanu kuti mwatopa kapena ayi? Mutu wanga uli kale ndi zambiri."

Kunja mwana wina ankakoka chitini pakonkire. A Lumo anakweza maso n'kuwerenga pepala lija kuyambira pamwamba, koyamba m'miyezi itatu yonseyo.

"Apa analemba kuti kuyenda theka la ola. Sanalembe kuti mpaka kushopu."

"Ndimayenda seveni koloko. Ndi nthawi ya anthu anu othamangira kuntchito, ndiye musadzivute."

"Nanga Lachitatu?"

"Tsekani chitseko mukamatuluka," anatero a Giya, n'kugonanso.

Madzulo a Lumo anadikira mlongo wawo pageti n'kumuuza zonse, osachotsera. Ankayembekezera mkuntho. Mlongoyo anangowayang'ana n'kunena kuti, "Kani. Ine n'kumakuthokozani." Analowa m'nyumba osawaitanira mkati.

Kutacha linali Loweruka, tsiku limene wometa aliyense sakhala pansi. Seveni koloko a Lumo anagogoda pawindo la chipinda chija. Palibe anayankha. Anakhala pakhonde, akudzimva ngati munthu wobwera kudzapepesa mlandu kwa eni ake osamufuna. Patapita mphindi makumi awiri anamva madzi akukhuthuka kubafa. A Giya anatuluka atasamba, ndevu zili momwemo, ndipo sanapereke moni. Anangoyamba kuyenda, a Lumo n'kumatsatira pambuyo.

Anadutsa pa mpopi, anadutsa pa wokonza njinga. Basi ina italiza hutala, a Giya anaima chilili, milomo ikuwerenga chamumtima. A Lumo anaima nawo mpaka mapewa a alamu awo anatsika.

Pamphambano shopu inkaonekera patali. Amuna asanu anali ataima pakhomo lokhoma, ndipo mmodzi atawazindikira anakweza dzanja n'kuloza wotchi yake. A Giya anachepetsa liwiro.

"Pitani. Akukudikirani."

"Tsitsi silithawa," anatero a Lumo, n'kukhotera nawo njira ina.

Anayenda kamtunda ndithu. Atafika pamene phula limathera, a Giya analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Lachitatu basi sindikwera. Kuchipatala ndi ola lathunthu wapansi, kubwerera ola lina."

"Ndiye ndidzavale nsapato zina," anayankha a Lumo. "Izi zikundiluma."