Mitambo Ikamakuta Phiri

Chikokolokereni nyumba yake ndi madzi osefukira ku Milonde, Alefa sankafunanso kuona mitambo. Ikangoyamba kukuta phiri, ankalephera kuthyola tiyi. Kuchipatala anamuyeza, koma sanamupeze ndi matenda.

Tsiku lina masana kumwamba kutada, anangokhala pansi pakati pa mizere ya tiyi. Mayi Esteri, omwe ankathyola mzere woyandikana naye, anatula dengu lawo.

"Ndi mvulayi eti?" anamufunsa.

"Eya, mayi. Ndimamvabe mkokomo wa madzi aja."

"Inenso ndimaumva. Ananditengera mchemwali wanga. Ndimangopuma pang'onopang'ono, kenako n'kuyamba kuyimba. Dzuka, uzithyola pafupi nane."

Mvula inagwadi. Mantha sanamuthere Alefa, koma anamaliza mzere wake, akuvomera chapansipansi nyimbo yachilomwe ya Mayi Esteri.