Nambala Imene Ndinasesa

Amuna anga a Gerson anaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa kasukulu ka udzu, m'njira ya ku Chipangali. Mu 1938 kunabwera woyendera sukulu watsopano kuchokera ku Foti Jemusoni, nati aphunzitsi akale onse ayesedwe masamu, wolephera aleke ntchito. Aliyense anamupatsa funso lake Lachitatu, yankho akapereke ku mishoni Lachisanu masana.

Lawo linali lalifupi: kodi 10,001 ingagawike ndi nambala ina popanda chotsala, kapena ndi zija zouma mutu zimene zimalola 1 ndi izo zokha basi?

"Ndiye mutani, bambo a Vailet?" ndinawafunsa.

"Ndiyesa imodziimodzi. Njira ina sanatiphunzitse."

Pepala analibe, sileti inali yaing'ono. Lachinayi ataweruka anagwada pabwalo ndi kamtengo, n'kumalemba pansi. 2 inakana. 3 inasiya chotsala. 7, 8, 9, zonse kukana. Munthu wamkulu, wa imvi, kukwawa ngati mwana! Ndinawamvera chisoni, komanso ndisaname, zinandinyansa. Dzuwa polowa anali atadzaza bwalo kuyambira pankhokwe mpaka pakhola, mawondo atatupa. Analowa m'nyumba kukagona.

Tsono ine chikwatiwire sindinalolepo kuti dzuwa lituluke bwalo lili losasesa. Amayi anandilera choncho. M'mamawa manja anatenga tsache okha, mutu uli ku madzi ndi nkhuni. Ndinazindikira nditafika kale pakhola kuti ndasesa masamu awo onse. Mayo ine!

Anatuluka, nayang'ana bwalo loyera bwino lija nthawi yaitali.

"Munafika pati?" ndinafunsa.

"Kaya 58, kaya 64. Sindingalumphe, mwina yomwe ndingalumpheyo ndiyo yake."

Anagwadanso, kuyambira pa 2. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Ine ndinangokhala pakhonde kuingitsa nkhuku. Dzuwa litakwera anafika pa 72, nayonso inasiya chotsala. Nthawi inali itatha, ku mishoni ndi mtunda.

"Zakwana," anatero akupukuta mawondo. "Zonsezi zakana, ndiye kuti siigawika. Ndatopa, mayi a Vailet."

Anavala jekete lawo la ku tchalitchi, nanyamuka.

Anabwera madzulo akukoka miyendo. Ndinawapatsa madzi, anamwa theka. Kenaka anawerama, nalemba pansi ndi chala: 73, pambali pake 137.

"Woyendera uja wandionetsa. Mukachulukitsa ziwirizi, ndi yomweyo ndendende, popanda chotsala."

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma chotsatira 72 ndimachidziwa. Ndinagwira pakamwa.

"Ndine ndakulakwirani," ndinatero.

"Iyayi. Ntchito yatha, mawa mundidzutse pamene mukudzuka inu. Khasu lija la malemu bambo lili ndi mpini?"