Katundu wa Fyness

Ine zoyenda m'chipululu sizinali zanga ayi. Munthu woti umakhalira kuima pa geti ku Al Duhail, mumzinda wa Doha, kutsegulira magalimoto a mabwana dzuwa likukuwotcha pamutu, livu ikakwana umafuna kugona mpaka nthiti ziwawe, osati kukasaka mavuto kumchenga. Koma Fyness atandiuza kuti anzake a ku hotela akonza ulendo wapansi wa masiku angapo, kuchokera kumpoto ku Al Ruwais mpaka kudzalowa mu Doha, ndipo wotsogolera ndi Gomezgani, ndinangoti nanenso ndikupita. Sindinafunse n'komwe kutalika kwa mtundawo.

Fyness anali chibwenzi changa, ndipo kwathu ku Ntcheu amalume ankadziwa kale kuti kontirakiti ikatha ndibwera ndi nkhani. Ankayala mabedi m'hotela ina ku West Bay. Gomezgani ankanyamula masutikesi a alendo pa hotela yomweyo: mnyamata wa ku Rumphi, wowonda ngati bango, wosalankhulalankhula. Anthu ofatsa oterewa ndi amene ndimawaopa ine. Dzina lake linkatuluka pakamwa pa Fyness pafupipafupi. Gome wati mwezi wa Januwale kumazizira bwino. Gome anayendapo ndi ma Nepali chaka chatha. Gome, Gome, mpaka makutu anga kuyabwa.

Ndiye ndinati ndimuonetse kuti mwamuna ndani. Ndinalowa m'sitolo ya zamasewera n'kugula chikwama choti mwana akhoza kugonamo. Tenti, stovu ya gasi, kapoto, pawabanki yolemera ngati njerwa, ngakhale kampando kopinda koti Fyness asamakhale pamchenga. Iyeyo ndinamugulira jombo zachikopa, zofiirira, zokongola zedi. Atazivala anavinavina, ine mtima m'malo.

M'mawa wonyamuka tinakumana gulu lonse: ife Amalawi atatu, ma Nepali awiri, ndi atsikana achifilipino amene Fyness ankagona nawo tenti imodzi. Gomezgani anabwera ndi kachikwama kosuluka, kongokwana pamsana wa mwana wa sukulu, kuphazi atavala nsapato zothamangira zakutha. Mswachi wake anali wodula chogwirira, eti kuti upepuke. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Iye anangonyamula chikwama changa ndi dzanja limodzi, n'kuchitsitsa, n'kunena mwaulemu kuti zina mwa zinthuzi ndikhoza kuzisiya m'galimoto. Ndinamuuza kuti kwathu thumba la feteleza timanyamula pamutu tikuimba.

Galimotoyo anabwera nayo ndi Che Twaibu, bambo wachikulire amene ndi dalaivala wa banja lina ku Al Hilal. Bwana wawo anali kunja kwa dziko, ndipo anawalola kuti madzulo aliwonse azitipeza m'mphepete mwa msewu ndi madzi, n'kumatenga chilichonse chimene munthu watopa nacho.

Tisananyamuke ndinatsegula chikwama cha Fyness n'kusamutsira kwa ine zolemera zonse: bulangete, juzi, mafuta odzola, mabotolo a madzi, tchaja. Ndinalankhula mokweza, dala, kuti wanga sanyamula katundu ine ndili moyo. Atsikana achifilipino anaomba m'manja. Fyness anachita manyazi, koma ndinaona kuti zamukomera.

Tsiku loyamba ndinayenda ngati msilikali. Lachiwiri, abale, mapewa anayamba kundiyankhula. Kumene kuja kulibe phiri, kulibe mtengo, ndi miyala yoyera ndi mchenga basi, koma mchengawo umakukoka mwendo ngati uli nawe chifukwa. Madzulo anthu anayamba kutula zinthu kwa Che Twaibu mosachita manyazi. Atsikana aja anapereka sipika yawo ya nyimbo ndi madiresi ojambulitsira. Ma Nepali anapereka mabuluku osinthira, akuti kununkha n'kwaulere. Ine sindinapereke kanthu. Ndikanayamba bwanji, Gomezgani ali pomwepo akudya zipatso zake za tende phee?

Vuto linali lakuti ndinayamba kutsalira. Iwo kutsogolo uko, ine m'mbuyo ndikuwerama ngati nkhalamba. Ndikakweza maso ndinkaona timitu tiwiri tayandikana, Gomezgani akuloza chinachake kunyanja, Fyness akuseka. Kodi m'chipululu muli chiyani choseketsa? Nsanje inkandidya.

Tsono mphepo yozizira ya kumpoto ikayamba, Fyness ankafuna juzi, koma juzi ili kwa ine, ine ndili kutali. Ankaima n'kumandidikira akunjenjemera, kenako ine ndifike, nditule chikwama, ndifukule tenti ndi poto kuti ndipeze juziyo pansi penipeni. Zitachitika kangapo anandiuza mofatsa kuti bola juziyo aziisunga yekha. Mawa lake anatenga botolo la madzi, akuti sangamadikire ine kuti amwe. Kenako mafuta odzola, chifukwa milomo inkang'ambika. Zonsezo zinali zomveka, sindikukana. Koma chinthu chilichonse chikatuluka m'chikwama mwanga, mapewa ankathokoza pamene mtima ukutukwana.

Ndinagonjako pang'ono pa kampando. Fyness sanakakhalire ngakhale kamodzi, ankakonda kukhala pansi ndi anzake. Che Twaibu anakalandira akumwetulira, n'kundifunsa ngati kulibe china. Ndinati kulibe.

Zenizeni zinachitika tsiku lina masana, chapakati pa ulendo. Gulu linapumira pamthunzi wa mpanda wa khola la ngamila, ine ndinafika mochedwa monga mwa masiku onse, thukuta lili kamukamu. Ndinapeza Fyness atakhala pamwala, phazi lake lili pabondo la Gomezgani. Mnyamatayo anali atagwada, akumata pulasitala pa zala zake mosamala ngati namwino. Pambali panali jombo ija, imodzi, atayiboola kutsogolo ndi mpeni, chikopa chili yasa. Inzake anali atayamba kale kuicheka.

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinaponya chikwama pansi n'kumufunsa kuti wamupatsa ndani chilolezo chong'amba zinthu zimene sanagule, komanso kuti phazi limenelo walilipirira chiyani. Gomezgani sanakweze mawu. Anati jombozo n'zatsopano ndiponso zothina, pa ulendo wautali mapazi amatupa, zala zikufuna mpata. Kufatsa kwakeko ndi kumene kunandipsetsa mtima kwambiri.

"Ndamuuza ndine kuti acheke," anatero Fyness.

"Osandiuza ine bwanji kuti zikukupweteka?"

"Ndikanakuuza bwanji, Grayson? M'mawa uliwonse umazipukuta fumbi n'kundifunsa ngati anzanga azisirira. Zala zanga sunazionepo."

Ndinayang'ana. Matuza anali ataphulika, chala chaching'ono chili psuu, chikhadabo chitayamba kuda. Chisoni chinandigwira, zoona, koma nsanje inali itafika kale n'kukhala pampando. Chimene ndinkaona ine chinali dzanja la Gomezgani pa chidendene chake, basi.

Madzulo amenewo Che Twaibu atafika anandikokera pambali ngati akufuna ndiwathandize kutsitsa madzi. Anandiuza kuti galimoto yawo yadzaza ndi katundu wa anthu onse kupatula wanga, ndipo ndikapitiriza chonchi adzanyamula ineyo. Anati nditule zinthu, ndiyende pafupi ndi mwana wamkaziyo, khalasi, monga amanenera kuno, nkhani ithe. Malangizo abwino ndithu. Ine ndinamvapo mbali imodzi yokha, yotula.

Ndinakhuthula chikwama chonse pamchenga anthu akuona. Tenti m'galimoto. Stovu, gasi, poto, pawabanki, m'galimoto. Ngati nzeru ndi kuyenda wopanda kanthu, ndinati, tione amene angandipose. Pansi penipeni panatsala za Fyness: bulangete, tchaja, ndi kathumba ka zovala zake. Ndinaziika mu jumbo n'kupita nazo pamene anakhala.

"Tenga. Akunyamulire dokotala wakoyo."

Ndinkayembekeza kuti alira, kapena andinyengerera, kapena anditukwana kuti tikangane bwinobwino zithe. Sanachite chilichonse mwa izo. Anangolandira jumboyo ndi manja awiri ngati akulandira kwa mlendo.

M'mawa mwake ndinazindikira kuti ndadzilasa ndekha. Tiyi wa Fyness ndinkaphika ndine pa stovu ija, wa mkaka wambiri ngati tiyi wa karaki amene timagula pa kantini, ndipo inali nthawi yokhayo imene tinkakhala awiriwiri. Tsopano stovu ili ku Al Hilal. Ndinatuluka mu tenti ya ma Nepali, mmene ndinapempha malo, n'kumupeza atanjuta pafupi ndi kastovu ka Gomezgani kopangidwa ndi chitini cha nsomba, akumwera m'kapu yake. Kapu imodzi, akulandizana. Mxii! Ndinatafuna tende wouma n'kunyamuka ndisanapereke moni.

Koma kupepuka n'kokoma, ndisaname. Miyendo inkangodziyendera. Ndinawadutsa onse, ma Nepali omwe, ndipo masiku otsalawo ndinali patsogolo. Mumtima ndinkati Fyness akuona, akuona kuti mwamuna weniweni ndi uyu akutsogolayu, madzulo abwera yekha kudzapepesa. Madzulo ankafika mochedwa akutsimphina, n'kulowa mu tenti ya atsikana. Nanenso ndinaumitsa khosi.

Tsiku lomaliza nsanja za Doha zinayamba kuoneka m'chifunga cha fumbi. Mchenga unasanduka phula, phula linabweretsa malole ndi fungo la dizilo. Tinapangana kuti tidikirane ku Al Duhail kuti tikalowe pamodzi mpaka ku Corniche, msewu wa m'mphepete mwa nyanja. Ndinafika woyamba, dzuwa lisanapendeke, n'kukhala pa siteji ya basi, kufupi ndi geti lomwe ndimalondera lija. Pamenepo mtima unali utatsika. Ndinalowa m'kagolosale n'kugula juwisi wa mango wozizira, amene Fyness amakonda, ndipo mawu opepesa ndinali nditawakonza bwinobwino.

Ma Nepali anafika. Atsikana achifilipino anafika akujambulana. Che Twaibu anaimika galimoto pambali pathu, ndipo nditasuzumira pawindo ndinaona chikwama cha Fyness pampando wakumbuyo, chili pwafu, mulibe kanthu. Ndinawafunsa ngati wadwala, kapena walephera ulendo. Che Twaibu anayang'ana kumbali n'kunena kuti akubwera, ndidzionera ndekha.

Awiriwo anatulukira pakona patapita nthawi, akuyenda pang'onopang'ono. Gomezgani analibe kanthu kumsana. Kachikwama kake kosuluka kaja kanali kumsana kwa Fyness, katafufuma, bulangete lake atalimangirira pamwamba ndi chingwe. Ndinaimirira, juwisi ali m'manja, n'kufunsa mokweza kuti ndi mwamuna wanji amene amasenzetsa mkazi katundu iye akuyenda manja ali m'thumba.

"Timalandizana," anatero Fyness. "Pano ndi nthawi yanga."

"Chikwama chako wachisiyiranji?"

"Zinthu zatsala zochepa. Zakwana m'chimodzi."

Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire lamba wa chikwamacho. Ndinamuuza kuti abwere nacho kuno, wavutika mokwanira, ndimunyamulira mpaka ku Corniche, ngakhale mpaka ku Ntcheu ngati akufuna. Sindinasamale kuti ma Nepali akumva. Fyness anabwerera m'mbuyo pang'ono, lamba n'kundipulumuka.

"Ayi, Grayson. Muli zathu umu."

Sanalankhule mwaukali, bola akanakalipa. Gomezgani anayang'ana pansi, mwaulemu wake womwe uja. Wina anati yala, monga amanenera kuno, tiyeni dzuwa lisanalowe, gulu n'kunyamuka. Ndinawayang'ana akutsika ndi msewu. Asanafike pa maloboti Fyness anaima, Gomezgani anamuvula chikwama n'kuchiponya kumsana kwake, osalankhulana n'komwe, ngati anthu amene akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse.

Che Twaibu analiza injini n'kundifunsa ngati ndikutsatira anzanga kapena ndikwera. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kukhala.