Yisiti ya M'chitsime cha Zigmas

Basi ya alendo ochokera kumzinda wa Vilnius itaima pageti, Zigmas anali akadali m'chipinda chapansi, atagwada pafupi ndi mgolo wa mowa, khutu ataligunditsa pathabwa. Mgolo wa mowa wabwino umang'ung'udza chapansipansi ngati mphaka wokhuta. Uwu unangoti zii.

"Bambo a Laima, anthu anu aja afika," anaitana mkazi wake Janina ali pamwamba pa masitepe. "Mukupemphera kumeneko kapena mukutunga mowa?"

"Apatseni mkate, ayambe adya."

"Sanayende mtunda wonsewu kudzadya mkate. Auzeni zoona abwerere kwawo."

Zigmas anatsegula kampopi ka mgolowo nadzaza jagi yadothi. Mowa unatuluka wopanda thovu, wofiirira ngati madzi a m'chithaphwi. Anaununkhiza, natembenuza nkhope.

Mowa wa Zigmas unali wakumudzi, wa chimera cha balere, wosawiritsa pamoto, wokoma ngati mkate wongophula kumene. Mphamvu yake yonse inali mu yisiti. Yisitiyo anamusiyira ndi bambo ake, iwonso anawasiyira ndi bambo awo. Inkakhala m'botolo lagalasi lomangirira kuchingwe, lomizidwa m'madzi ozizira a m'chitsime. Akafulula, ankawengula thovu lapamwamba n'kulibwezera m'botolomo, ndipo yisiti inkapitirira kukhala ndi moyo.

Chaka chimenechi bondo linamugoneka kuchipatala chilimwe chonse. Dzuwa linawomba kuposa zaka zonse, madzi a m'chitsime anatsika, botolo linatsala likulendewera mumpweya wofunda. Panalibe amene anasuzumiramo, poti madzi akumwa ankatunga pampopi m'nyumba. Atatuluka m'chipatala analikoka botolo lija, natsegula. Linkanunkha viniga. Komabe anathira mumowa watsopano, akudziuza kuti mwina idzuka.

Alendo anali atakhala kale pathebulo lalitali pansi pa mtengo wa maapozi. Janina anali atawaikira mkate wakuda, tchizi choyera, nyama yankhumba yowamba ndi nkhaka zoviika mu uchi. Anali anthu a gulu lolawa mowa wosowa, oyenda mudzi ndi mudzi, aliyense ndi katambula kake. Mtsogoleri wawo anali Rimantas, mkulu wandevu amene ankabwera chaka ndi chaka.

"Anzanga, konzani malilime," anatero Rimantas. "Zonse tamwa kuyambira m'mawa zinali zotsukira m'kamwa. Mowa ndi uwu. Bambo Zigmas, bondo likuti bwanji?"

"Likuyenda lokha, ine ndimangolitsatira."

Anthu anaseka. Zigmas anazungulira thebulo akuthira. Alendo anakweza matambula kudzuwa, ena akujambula ndi mafoni, kenaka ananunkhiza, nalawa. Kuseka kuja kunatha. Mayi wina anameza movutika nathamangira kutenga nkhaka. Mkulu wina wadazi anafunsa mwaulemu ngati mowawu umayenera kuwawasa choncho.

Rimantas analawa kawiri. Anaika tambula pansi bwinobwino, nadzuka, namutengera Zigmas kuseri kwa khola.

"Bambo Zigmas, uwu si mowa wanu."

"Wachokera mumgolo mwanga."

"Mukudziwa chimene ndikunena. Yisiti ili bwanji?"

Zigmas anayang'ana kuchitsime. Rimantas anavula chipewa nakanda m'mutu.

"Chaka chatha ndinakupemphani supuni imodzi yokha, ndikaisunge mufiriji kutauni. Munandiuza kuti yisiti ya bambo anu sikwera basi."

"Ndinatero."

"Palibe wina ali nayo m'mudzi muno?"

Zigmas anatembenuka nabwerera kuthebulo. Alendo anamaliza mkate ndi nyama, nathokoza Janina kwambiri, nakwera basi yawo. Mowa unatsala m'matambula, ntchentche zikuunjikana.

Janina anayamba kusonkhanitsa mbale osamuyang'ana mwamuna wake.

"Tengani botolo mupite kwa achimwene anga," anatero.

"Kwa Bronius sindipondako."

"Ndiye khalani pomwepo muzimvera mgolo wanuwo, mwina uyankhula Lamulungu."

Kale m'mudzimo yisiti inkayenda khomo ndi khomo. Ya munthu ikafa, ankangotenga botolo lopanda kanthu n'kupita kwa mnzake. Sankagula, ndiponso sankathokoza. Akuluakulu ankati ukanena zikomo yisiti imakwiya, mowa suwira. Unkangolandira, kugwedeza mutu, n'kumapita. Ya Zigmas ndi ya mlamu wake Bronius inali imodzi, inkangosinthana zitsime.

Kenaka kunabwera anthu a matambula aja. Rimantas atalawa koyamba ananena pamaso pa anthu kuti yisiti yotere sanaionepo kwina kulikonse. Mawuwo anamulowa Zigmas m'mutu. Alendo anachuluka, dzina lake linamveka mpaka ku Vilnius. Ofulula anzake m'mudzimo ena anamwalira, ena anatsatira ana awo kutauni, kunatsala iye ndi Bronius. Ndiye tsiku lina Bronius anabwera ndi botolo lopanda kanthu, mwana wake wamkazi Rasa ali pafupi kukwatiwa. Zigmas anamuimika pageti namuuza kuti yisiti yachepa. Bronius anayang'ana botolo lake, nayang'ana chitsime, nabwerera. Chichokereni tsiku limenelo ankangopatsana moni kutchalitchi.

Dzuwa litapendeka Zigmas anatsuka botolo, naliika m'thumba la jekete, nanyamuka ndi ndodo yake. Njira inkadutsa m'munda wa balere wokololedwa kale. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi. Anamva kuti paukwati uja mowa unalipo, anthu anamwa mpaka kuvina pamabenchi. Ndiye kuti Bronius anaipeza kwinakwake yisiti ija, mwina kwa wofulula mnzawo Stasys asanamwalire. Ngati anaipeza, ikadalipo.

Anamupeza Bronius akuwaza nkhuni. Bronius anaona botolo likusuzumira m'thumba, koma anamaliza kaye chipika chake.

"Alamu, mwasochera? Kuno kulibe basi ya ku Vilnius."

"Ndabwera ndekha."

"Ndaona. Wojambula zithunzi mwamusiya kuti?"

Zigmas anatulutsa botolo naliika pachitsa chowazirapo nkhuni. Bronius analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anazika nkhwangwa pansi.

"Yafa?"

"Yafa."

"Yonse? Simunasiyeko ina pambali?"

"Inali m'botolo limodzi."

Bronius anakhala pamulu wa nkhuni. Sanaseke, ngakhale Zigmas ankayembekezera kusekedwa, ndipo mwina kukanamupepukira.

"Bambo anu ankakonda kunena kuti kupatsa n'kuika," anatero Bronius. "Ine ndinkaganiza kuti amangofuna kumwa mowa wa anzawo ulere."

"Nditukwaneni mmene mungathere, alamu. Ndamva. Koma paukwati wa Rasa munafulula. Munaitenga kuti?"

"Tiyeni muone."

Anamutsogolera m'chisakasa chofululira. Munali fungo la chimera, ndipo mumphika waukulu wamatabwa mowa unali kuwira, thovu litatukumuka loyera. Zigmas anawerama nanunkhiza. Fungo linali loyera bwino, lopanda chilema, koma silinali la mkate wongophula. Linali la mowa wina uliwonse.

Bronius anafikira pashelefu natsitsa kapaketi konyezimira kong'ambidwa pakona.

"Ya kusitolo, kutauni ya Pasvalys. Nditachoka pageti panu paja ndinapita kwa Stasys, ndinapeza anasiya kalekale kufulula, botolo lake akusungiramo misomali. Ndinayenda midzi yonse ya kuno. Amene anali nayo ina, sinali yathu ija. Ukwati sudikira munthu, ndiye ndinakwera njinga kukagula iyi."

"Ya m'chitsime mwanu simunayese kuidzutsa?"

"Ndikanabwera kwa inu ndi botolo ikanakhala yodzuka?"

Zigmas anagwira m'mphepete mwa mphika uja. Bondo linayamba kumupweteka kwambiri.

"Anthu anamwa osadandaula," anapitiriza Bronius. "Mlongo wanga yekha ndiye anadziwa. Analawa kamodzi, nandiyang'ana. Sanakuuzeni?"

"Sanandiuze."

"Ndiye wakutumani kuno akudziwa. Amafuna mudzadzionere nokha."

Panja nkhuku zinali kulowa m'khola. Bronius anatuluka, nabwera ndi botolo la Zigmas lija. Anatenga chipande, nawengula thovu lapamwamba mosamala, monga momwe onse awiri anaphunzirira ali anyamata, nadzaza botolo mpaka m'khosi. Anatseka, napukuta ndi malaya ake, namupatsa ndi manja awiri.

"Imawira bwino," anatero. "Siivuta. Ikafa mukagula ina."

Zigmas analandira. Botolo linali lofunda m'manja mwake. Analiyang'ana, nayang'ana mlamu wake.

"Zikomo, alamu," anatero.

Bronius anatsegula pakamwa kuti amuletse, monga akanachitira kale. Kenaka anatseka, nayang'ana pansi.

Zigmas atafika kunyumba anapeza Janina atakhuthula kale mgolo uja kudzala, akuutsuka ndi madzi otentha. Mkaziyo anaona botolo lodzaza, naona nkhope ya mwamuna wake, napitiriza kutsuka.

"Muwauze a Rimantas asadzavutikenso chaka chamawa," anatero Zigmas.

Anapita kuchitsime. Chingwe chinali chikulendewerabe pamsomali pomwe bambo ake anaukhoma. Anachimasula, nachikulunga m'dzanja, nabwezera chivundikiro pachitsime. Botolo anakaliika mufiriji, pafupi ndi mkaka.