Kamphepo ndi Wayilesi Aphonyana Panjira

Chibwerereni kuchokera kunja, chitseko cha nyumba sichinapume. Azakhali, amalume, asuweni, ngakhale anthu amene Kamphepo sankawakumbukira n'komwe, onse ankabwera kudzaona banja lomwe linasowa zaka zoposa khumi. Aliyense ankafuna kutsina masaya a ana, aliyense ankafunsa ngati n'zoona kuti kumeneko madzi amaundana m'mipope. Masutikesi anali chiyasamire pabalaza, makatoni ali mbwee m'khonde, ndipo mawindo analibe makatani chifukwa palibe ankadziwa katoni yomwe analongedzamo.

Dzina loti Kamphepo analipata ali mtsikana, m'shopu ya utelala momwe ankagwira ntchito, chifukwa akakhala pa makina nsalu inkangouluka. Anamupatsa dzinali ndi mnzake wa makina oyandikana nawo, mkazi amene pakamwa pake sipankatsekeka, yemwe tauni yonse inkamutchula kuti Wayilesi. Zaka zonsezi ankaimbirana foni, koma za tsiku lobwera Kamphepo anamunamiza dala kuti ndi mwezi wamawa. Ankafuna kungotulukira pakhomo la shopu kuti aone ngati Wayilesi angasowe chonena kamodzi kokha m'moyo wake.

M'mawa wina anadzuka, n'kuvala diresi yake yobiriwira, n'kuika m'chikwama sizasi yaikulu yodulira nsalu imene anamugulira mnzakeyo.

"Nokha?" anadabwa bambo a ana, kapu ya tiyi ili m'manja. "Misewu inasinthatu, mayi. Dikirani Loweruka tipitire limodzi."

"Tenganiko mwana mmodzi, azikuthandizani chikwama," anawonjezera apongozi ake.

Mwana wake wachisamba, mtsikana amene tsopano anali atamupitirira msinkhu, anaseka. "Amayi asochera awa. Dzana anasochera mumsika."

"Sindinasochere, msika ndi umene unasuntha," anayankha Kamphepo akumanga nsapato. "Ndipo tamverani nonse. Chibadwire chisamba wangayu sindinayendepo ulendo wopanda munthu wondikoka diresi. Lero ndine ndekha ngati chala chamkombaphala. Wanjala aphike."

Mzime wake anayamba kukwinya nkhope kuti alire, koma agogo ake anamunyengerera ndi nthochi. Kamphepo anatuluka mothamanga asanasinthe maganizo.

Pamene panali depoti ya mabasi anapezapo nyumba yosanja ya magalasi okhaokha. Anaima pakati pa msewu wa oyenda pansi n'kuseka yekha, mpaka mayi wina wogulitsa zikwama za foni anamulozera kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Kumeneko anapeza basi itatsala pang'ono kudzaza. Anakhala kuwindo, pafupi ndi bambo wina amene anafungatira katoni yobowolabowola yomwe munali anapiye.

Basi itangonyamuka, mtima wake unayamba kuvina. Kunja kuja m'basi munkakhala zii ngati m'chipinda cha mayeso, aliyense maso pafoni. Muno kondakitala ankakangana ndi dalaivala za mpira, mayi wina kumbuyo ankalangiza mtsikana wosamudziwa za amuna, anapiye nawo ali piyepiye osalekeza. Posakhalitsa Kamphepo anali atamufotokozera bambo wa anapiye uja zonse: za fakitale ya makatani komwe ankasoka ndi makina amagetsi, za amuna ake omwe ankagwira ntchito m'chipatala, za ana omwe ankalankhula chilankhulo cha makolo awo ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

"Ndiye mwabwereranji, poti kumeneko n'kwabwino?" anafunsa bamboyo.

"Kumeneko munthu ukaseka kwambiri, aneba amagogoda khoma," anatero Kamphepo, ndipo theka la basi linaseka naye.

Pakati pa ulendo panali mphambano yaikulu pomwe mabasi ankaima kuti anthu awongole miyendo. Panali kanyumba kogulitsiramo tiyi, mabenchi awiri ndi mtengo waukulu wamthunzi. Akubwerera kumpando wake, Kamphepo anamva kuseka kwa mkazi kuchokera m'basi ina yomwe inkanyamuka kulowera komwe iye ankachokera. Kunali kuseka kokwera pamwamba kenako n'kuthera m'chifuwa. Anatembenuka msanga, koma anangoona fumbi.

"Ndayamba kumumva ndisanafike," anadziuza yekha.

Tauni yake yakale inali itakula, koma msewu wa mashopu anaupeza mosafunsa. Shopu ija inali pomwe paja, pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya utoto, kungoti chikwangwani chinali chatsopano popeza Wayilesi anaigula mwini wake atakalamba. Kamphepo anaima kaye panja, n'kukonza diresi, n'kupuma mwamphamvu. Kenako anakankha chitseko n'kufuula:

"Odi eni shopu! Mumasoka masaka muno?"

M'katimo munali fungo lomwe lija la mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Makina awiri opalasa ndi mapazi anali pawindo, tebulo lodulira lili ndi zidutswa za choko, madiresi atapachikidwa pa waya. Koma Wayilesi munalibe. Munali amuna a Wayilesi, dalaivala wopuma pantchito, atanyamula jekete lofiira ngati anyamula mwana wodwala. Patsogolo pawo panaima bambo wina wamtali, lipenga lili m'khwapa, thukuta lili kamukamu.

Dalaivala uja anamuyang'ana, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso.

"Kamphepo? Mlamu! Mukutani kuno?"

"Ndiye malonje ake amenewo, alamu?"

"Ayi, pepani, takulandirani, mwanenepatu bwino! Koma mukutani kuno? Mnzanu wapita kwanu!"

Nkhani inali yakuti dzulo lake msuweni wina wa Kamphepo anabwera kudzasoketsa siketi, n'kuulula kuti banja lonse linafika kale. Wayilesi sanagone tulo. M'mawa anakwera basi yoyamba kuti akangotulukira pakhomo la mnzake.

Kamphepo anakhala pansi pa mpukutu wa nsalu, manja ali kumutu. "Kuseka kuja! Alamu, tadutsana pamphambano. Ndinamumva ndi makutu angawa!"

Anatulutsa foni n'kumuimbira. Foni inalira m'shopu momwemo, m'dilowa ya mabatani.

"Ndi mmene wachokera muno," anatero dalaivala. "Foni waiwala, ambulera waiwala, ndipo jekete la bambo awa walisiya ndi mkono umodzi."

Bambo wa lipenga anatukula jeketelo kuti aliyense aone. Mkono wakumanja unali utangogwiridwa ndi mapini. "Mayi, gulu lathu likuimba masana ano pa mwambo wa omaliza maphunziro. Ine ndimaima kutsogolo. Ndikaime bwanji ngati nkhuku yothyoka phiko?"

"Dikirani kaye, bambo," anatero Kamphepo, n'kuimbira amuna ake.

Foni itayankhidwa sanamve mawu a amuna ake poyamba. Anamva phokoso, ana akuseka, ndi mawu amodzi okwera kuposa onse akulamula kuti wina abweretse mpando.

"Mayi," ananong'ona bambo a ana, "kuno kwafika chimphepo. Wandikumbatira mpaka nthiti kulira, wawayeza ana ndi tepi, panopa akutsegula makatoni. Amayi akuti asachoke."

"Mpatseni foni."

"Iwe mfiti iwe!" anakuwa Wayilesi, mpaka wa lipenga anabwerera m'mbuyo. "Mwezi wamawa? Mwezi wamawa ndi lero? Ndabwera ndi mtima uli m'manja, ndikupeza iwe wathawa!"

"Ndathawira m'shopu mwako, wabodza mnzanga! Khala pompo, ndikubwera."

"Ayi, iwe khala pompo, ine ndikubwera."

"Ndati usasunthe!"

Dalaivala analanda foni. "Tamverani inu awiri. Mukapitiriza chonchi mudutsananso, ndipo mudzakhala mukudutsana mpaka Khirisimasi. Aliyense akwere basi, mukatsikire pamphambano. Wofika msanga akhale pa benchi, asakwere chilichonse. Mwamva, mayi?"

"Ndamva," anayankha Wayilesi. "Koma jekete la bambo wa lipenga lija..."

"Lisiye kwa ine," anafuula Kamphepo.

Anakhala pa makina a kuwindo, omwe anali ake kalelo. Anachotsa mapini, n'kutembenuza jekete, n'kulowetsa mkono m'malo mwake. Atapalasa koyamba, gudumu linabwerera m'mbuyo ndipo ulusi unaduka. Anapalasanso, unadukanso. Mapazi ake anali atazolowera kungoponda kabatani ka magetsi.

"Mayi, mumadziwadi kusoka?" anafunsa wa lipenga mwaulemu wa munthu amene wataya kale mtima.

"Musawasokoneze," anatero dalaivala, ngakhale nayenso ankaoneka wokayika.

Kamphepo anavula nsapato. Anaika mapazi pachitsulo chozizira, n'kukankha gudumu ndi dzanja, n'kulisiya kuti limutsogolere. Makina anayamba pang'onopang'ono, kenako anagwira nyimbo yake, kwetekwetekwete, nsalu yofiira ikuyenda pansi pa singano ngati madzi. Anazungulira phewa lonse, n'kubwerezanso kuti lilimbe poti mwini wake amakweza mkono poimba. Anatulutsa sizasi ya mphatso ija m'chikwama, n'kudula ulusi, n'kusita msoko ndi simbi, n'kumuponyera jekete mwini wake.

Wa lipenga analivala, n'kutambasula manja, n'kuwakweza kumwamba, n'kuzungulira. Nkhope yake inawala.

"Ndikulipireni zingati, mayi?"

"Mukambirane ndi eni shopu. Ine ndiperekezeni ku siteji, ndachedwa."

Anasiya sizasi pa tebulo lodulira, n'kutsanzika alamu ake, n'kutuluka nsapato imodzi isanamangidwe. Atakhota pakona anaona basi ikutuluka kale pa siteji. Anakuwa, anakupiza manja, koma dalaivala wake sanaone. Apo wa lipenga anaima pakati pa msewu ndi jekete lake lofiira, n'kuika lipenga pakamwa, n'kuliza mwamphamvu moti nkhunda zinabalalika padenga la sitolo ya utoto. Ometa tsitsi anatuluka ndi makasitomala awo, mitu ili yometedwa theka. Basi inaima. Kamphepo anathamanga anthu akumuombera m'manja, lipenga likumuperekeza ndi nyimbo ya perete mpaka analowa.

"Ndinu a boma kapena?" anafunsa kondakitala.

"Ndine telala," anayankha ali wefuwefu.

Pamphambano Kamphepo ndiye anafika woyamba. Anakhala pa benchi monga analamulira alamu ake, koma matako sanakhazikike. Basi yochokera kwawo inafika, anthu anatsika mmodzimmodzi, Wayilesi panalibe. Inafika ina, panalibenso. Anayamba kuganiza kuti mwina apongozi ake amugwiradi, kapena wakwera basi yosaima. Dzuwa linali litapendeka pamene lole yonyamula matiresi inaima patsidya pa msewu. Chitseko chakutsogolo chinatseguka, ndipo mawu anatsika mwini wake asanatsike.

"...ndiye ndikukuuzani, achimwene, mkazi ameneyo mumukwatire, musachedwe! Zikomo, muyende bwino!"

Wayilesi anali atanenepa, tsitsi litayamba imvi m'mbali, koma mayendedwe anali omwe aja. Kamphepo anaimirira. Anali atakonza mawu ambiri oti amunyoze nawo, koma onse anathawa. Anakumana pakati pa msewu n'kugwirana, akulira, akuseka, akudumpha ngati ana a sukulu, mpaka woyendetsa lole anachita kuwaimbira hutala kuti apatuke.

 Kenako Wayilesi anangogwira nkhope ya mnzake ndi manja awiri n'kumaiyang'ana.

"Wasowa chonena," anatero Kamphepo akupukuta misozi.

"Ndikupuma chabe, usanyade."

Anaitanitsa tiyi ndi mabanzi n'kukhala pansi pa mtengo. Wayilesi anafotokoza kuti basi inamusiya chifukwa ankamalizitsa kupachika makatani, omwe anawapeza m'katoni yolembedwa kuti mabuku. Anati chisamba ndi wokongola koma masiketi ake ndi aafupi, mzime wamuphunzitsa kale nyimbo ziwiri, ndipo bambo a ana akufunika kudyetsedwa. Kenako anatsitsa mawu, zomwe kwa iye zinkatanthauza kuti a pa benchi yachiwiri okha ndi amene ankamva.

"Pafupi ndi kwanu, moyang'anizana ndi sukulu, pali kachipinda kopanda munthu. Windo lalikulu, magetsi alimo. Ndalankhula kale ndi mwini wake."

"Iwe, ndangofika kumene! Masutikesi sindinamasule n'komwe."

"Ndamasula ine. Ana a sukulu yonse ija amavala mayunifolomu, ukuganiza amawasoka ndani? Makina ako aja ndikutumizira. Amandidyera malo."

Kamphepo anayang'ana mapazi ake, omwe anali akumvabe kuzizira kwa chitsulo chija. Anafuna kunena kuti aganize kaye, koma anapezeka akufunsa kukula kwa windolo.

Basi yopita kwawo inabwera, anaisiya. Itabwera yachiwiri, wogulitsa tiyi anawachenjeza kuti ikapita imeneyo adzagona pa benchi. Kamphepo anakwera n'kukhala kuwindo. Wayilesi anaima panja akupitiriza nkhani ya mwini shopu wakale, ndipo basi itayamba kuyenda anayamba kuyenda nayo, dzanja lili pawindo, kenako kuthamanga pang'ono, pakamwa posaima.

Kondakitala anamenya chitseko. "Mayi, mukukwera kapena mukutsala?"

Wayilesi anayang'ana msewu wopita kwawo, n'kuyang'ana mnzake. Anakwera.

"Nanga alamu?" anafunsa Kamphepo akumusendera.

"Ndi aakulu aja, mazira amadziwa kukazinga. Tasendera bwino. Ndiye ndimati chiyani paja? Eya, tsiku limene anadzagulitsa shopu, anabwera atavala suti..."