Bowa wa a Genutė

M'mudzi mwathu munthu akhoza kukubwereka ng'ombe, koma malo ake ozula bowa sangakuuze. A Genutė anali ndi malo awo m'nkhalango ya paini, ndipo ankabwerako dengu litasefukira pamene enafe tanyamula tiwiri tofumbwa. A Stasė, oyandikana nawo nyumba, anawazemberera m'mbuyo mpaka kumera imvi, osaphula kanthu.

Chaka chatha nkhupakupa inawaluma a Genutė kuseri kwa bondo. Anaizula ndi zikhadabo n'kuiwalako. Kenako thupi linatentha, khosi linauma, tsiku lina tinangowapeza atagwa pakhomo. Kuchipatala anati kachilombo ka nkhupakupayo katupitsa ubongo. Anabwerako amoyo, koma nzeru zina zinatsala komweko. Dzina la mwana wawo Kęstas ankachita kufunsa ife.

Kęstasyo amagwira ntchito ku Norway, ndipo sanabise mawu: pakapezeka wowayang'anira, amayi ake akhala pakhomo pawo, apo ayi apita kunyumba yosungirako okalamba. A Genutė akamva za nyumbayo ankalira.

A Stasė anadzipereka. Ankawaphikira mbatatesi, kuwasambitsa, kuwapesa tsitsi. Miseche imene tinkawanena a Stasė inatha yokha.

Mvula ya bowa itagwa, a Stasė anatenga madengu awiri.

"Tiyeni achemwali, tikawongole miyendo. Mutsogole ndinu, ine maso anatha."

Miyendo ya a Genutė inali isanaiwale njira. Anabwerako madengu ali tho, a Genutė akuseka ngati kamwana.

"Vanda, mawa ndikakuonetsa nawenso," a Genutė anandiuza pampanda. "Aliyense ndimuonetsa, ndi wambiri."

Ndinaona nkhope ya a Stasė ikugwa. Tsiku lomwelo anaimbira Kęstas ali panja, mokweza kuti tonse timve.

"Mwanawe, ine ndalephera. Amayi ako ayamba kuthawira kunkhalango. Lero ndawapeza kutali, akanafera komweko."

Ndinamuimbira nanenso kumuuza zoona. Anandiyankha kuti munthu amene sanawasambitsepo amayi ake asamuphunzitse nzeru. Mpaka lero ndikakumbuka magazi amawira.

Galimoto ya kunyumba ya okalamba ija inabwera Lachisanu. A Genutė anakakamira chitseko, akukuwa dzina la malemu amuna awo, moti anyamata a galimotoyo anangoima manja m'thumba. A Stasė anabwera, nawamasula zala chimodzichimodzi, n'kuwakonza mpango kumutu.

"Kwerani achemwali," anatero mokoma. "Tikupita kubowa."

A Genutė anapukuta misozi n'kukwera okha.