Madzi Ofiira pa Njira ya ku Chiringa

Lachiwiri pa 14 Januwale 2003, dzuwa litangotuluka, amuna olondera mudzi anaimitsa mphunzitsi Cornelius Kaliati pa kamlatho ka mitengo kufupi ndi Chiringa. M'chikwama chake anapezamo mabotolo atatu a diripi okhala ndi madzi ofiira.

Cornelius anali wa ku Ntcheu. Anabwera ku Phalombe mu Seputembala ngati mphunzitsi wophunzira ntchito ali pantchito, ndipo chaka chitayamba anamupatsa Sitandade 5. Pasukulu panalibe nyumba, choncho ankachita lendi kachipinda pa Chiringa n'kumapalasa njinga m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo linali loyesedwa. Mlangizi wa masukulu, Mayi Zelifa Namakhwa, amabwera kudzaonerera phunziro lake la Chingelezi, la kayerekezedwe ka zinthu ziwiri, monga ponena kuti ichi chili ndi zambiri kuposa icho.

Ku maphunziro a uphunzitsi anawauza kuti mwana asamangomva, aziona ndi maso. Koma kalasi yake inali ya ana oposa zana, pansi pa mtengo wa mango, ndipo madzi oyera m'botolo mwana wakumbuyo sangawaone. N'chifukwa chake anapempha mabotolo otha ntchito kwa mnzake wogwira ntchito kuchipatala, aja okhala ndi timapaipi tawo, kuti madzi azitsika kuchoka m'botolo lina kulowa m'linzake ana akuona. M'madzimo anathiramo inki yofiira yochongera, n'kuwonjezera katondo pang'ono kuti mtundu ugwire. Nzeru imeneyi anainyadira mlungu wonse.

Za anamapopa anali atazimva monga wina aliyense. Chiyambire Disembala kunkamveka kuti anthu achilendo amalowa m'nyumba, kugonetsa eni ake ndi mankhwala, n'kuwapopa magazi ndi timapaipi. Ena ankati boma ndilo limawatuma, ndipo magaziwo amakasinthitsidwa ndi chimanga cha chithandizo. Mabanja ankagona pabwalo limodzi, ng'oma ili pafupi. Cornelius ankaziseka nkhanizi pamodzi ndi aphunzitsi anzake, ndipo sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti chikwama chake chingaoneke bwanji kwa munthu amene sanagone tulo mwezi wathunthu.

Pamlatho anali atapingasa chipika cha bulugamu. Dzulo lake panalibe. Amuna anali ambiri ndithu, ena ndi zikwanje, ena ndi zibonga, mkulu wina ndi uta.

"Tsikani, achimwene," anatero wamtali wina amene anzake ankamutchula Laston. Maso ake anali ofiira ndi tulo. "Mwanyamula chiyani?"

"Zophunzitsira basi. Ndine mphunzitsi wa pasukulu pamtundapo."

Laston anamasula chikwama n'kuchikhuthulira pansi. Choko chinagwera m'matope, kenako buku, kenako mabotolo aja, timapaipi tikugwedera. Amuna onse anabwerera m'mbuyo ngati aona mamba. Cornelius anayang'ana pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona zimene iwo ankaona.

"Si magazi amenewo, abale anga. Ndi inki ndi dothi."

"Sukulu ya masiku ano ana akuphunzira ali pa diripi?" anafunsa wina wa chipewa chaubweya. Awiri anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

Laston sanaseke. "Mkazi wanga Lamulungu anadzuka osatha kuima," anatero motsitsa mawu. "Pamkono pali kabala. Ali chigonere mpaka pano. Ndiye inu mukuti inki."

Cornelius anafuna kunena kuti chaka chino ndi cha njala, aliyense akudzuka wofooka. Anaona chikwanje, mawuwo anawameza.

Anthu opita kumunda anayamba kuima. Mwa iwo munali mayi wina wa khasu paphewa, Alesi, amene mwana wake Aliness anali m'kalasi ya Cornelius.

"Mayi a Aliness! Auzeni anthuwa, chonde. Mukundidziwa."

Alesi anamuyang'ana, n'kuyang'ana mabotolo. "Ndi aphunzitsi ndithu, a Aliness wanga," anatero pang'onopang'ono. "Koma izozo ine sindikuzidziwa."

Laston anatola botolo limodzi ndi nsonga za zala, nalitsegula. "Imwani."

Cornelius anazengereza pang'ono, kenako anamwa. Madziwo ankamveka chitsulo, mchenga unakukutika m'mano.

"Mwaona?" anakuwa mkulu wa uta. "Wameza osachita n'tsinya lomwe. Anazolowera ameneyu."

"Nanga akanakana mukanati chiyani, agogo?" anafunsa wa chipewa uja.

"Ndikanati akubisa."

Wina anali atayamba kale kutola miyala m'mbali mwa mtsinje n'kumaiunjika pafupi ndi phazi lake. Sanathamange. Ankasankha ngati womanga maziko.

"Chabwino," anatero Laston. "Ngati ndi sukulu, tiphunzitseni ifeyo. Pompano. Tione pamene botolo likulowa."

Cornelius anakoleka botolo lodzaza pa chiwongolero cha njinga, lina analiika pansi. Kapaipi kanamupulumuka kawiri. Atatsegula, madzi ofiira anayamba kutsika, ndipo mayi wina kumbuyo anati, "Mayo!" Iye analimba mtima n'kukweza mawu monga amachitira pansi pa mango.

"Yang'anani apa. Ili lili ndi madzi ambiri, ili ochepa. Ndiye m'Chingelezi timati: This bottle has more water than that one. Mawu awiri, more ndi than, amagwira chinthucho pakati. Mukhoza kuikapo chilichonse. Laston has more goats than Kaliati."

"Ndilibe mbuzi ine," anatero Laston. "Tinadya chaka chatha."

Apa anthu anaseka zenizeni. Wa chipewa uja, amene anagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, anayesa yekha, akuloza mkulu wa uta: "More mantha than nzeru!" Anthu anasekanso. Alesi anatsitsa khasu lake pansi.

"Zija za dani dani zija," anatero, akutanthauza than uja. "Aliness amatisokosa nazo pa mjigo. Akuti ndine wamfupi dani bambo ake."

Wotola miyala uja anasiya, napukuta manja pa kabudula. Laston anaima akuyang'ana madzi akutsika m'kapaipi, chikwanje chikulendewera m'mbali mwa mwendo. Cornelius anaona kuti patsala pang'ono, mawu amodzi okha olemera, kuti chipika chichotsedwe.

"Mwaona nokha, abale anga. Tsopano ndiloleni, ndichedwa. Pali mayi ochokera ku ofesi ya boma, akubwera pa njinga yamoto nthawi ya naini kudzaona mabotolo omwewa. Ndikapanda kufika nawo ntchito yanga yatha."

Kuseka kunaduka.

"Ochokera kuti?" anafunsa Laston.

"Ku ofesi ya maphunziro. Ndi alangizi chabe, amangokhala kumbuyo n'kumalemba."

"Akubwera kudzaona mabotolo."

"Kudzaona phunziro! Ndati phunziro."

"Mwati mabotolo, aphunzitsi. Tonse tamva. Mukapanda kufika nawo ntchito yanu yatha."

Kuyambira pamenepo amunawo sanalankhulanenso m'Chichewa. Anatembenukira ku Chilomwe, chimene Cornelius sankamva kupatula moni. Analankhula mwachangu, angapo nthawi imodzi, akuloza njira, akuloza iye. Cornelius anayang'ana Alesi kuti mwina amumasulira mawuwo. Alesi ananena mawu ochepa kwa Laston, Laston anamukalipira, ndipo mayiyo anatola khasu lake n'kulowa m'chimanga osacheuka.

Anamumanga manja ndi chingwe cha mphira cha pa keliyala ya njinga yake yomwe, n'kumukhazika pa chipika. Mabotolo anawandanditsa pakati pa njira, poonekera. Amuna anayi anakabisala m'chimanga mbali zonse ziwiri za mlatho. Mudzi wa kutsidya unayamba kuimba ng'oma.

"Sitikukhudzani pakali pano," Laston anamuuza m'Chichewa. "Tidikira abwana anuwo. Akayankha bwino, nonse mupita. Akathawa, mwatsala ndinu."

"Munthu akaona zikwanje amathawa, achimwene, ngakhale wosalakwa."

"Ndiye pempherani kuti asathawe."

Cornelius anayang'ana kunjira. Thukuta linkatsikira m'maso ndipo analibe chopukutira. Anaganiza zokuwa akangomva njinga, kuti mayiwo abwerere, kenako anakumbukira zimene Laston wanena. Anayesa kupemphera, koma sanadziwe choti apemphe: kuti afike, kapena asafike.

Nthawi ya naini inakwana, anthu pamlatho atachuluka kuposa pa maliro. Kuchokera ku Chiringa njira zopita kusukuluyo zinali ziwiri, ya pamlatho ndi ya kumtunda yodzera kuchigayo. Mayi Namakhwa sanauze munthu aliyense kuti adzera iti.